Momwe mungapezere corretor wa seguro ku Tete ndi kugwira naye ntchito

Si aliyense wogulitsa inshuwalansi, yomwe kuno timangoti seguro, amene ali corretor. Lamulo la ku Mozambique la Decreto-Lei 1/2010 limasiyanitsa corretor, agente ndi promotor. Agente ndi promotor amaimira kampani imene idawatuma, pomwe corretor sali pansi pa kampani iliyonse, ndipo ntchito yake ndi kukufunsirani mitengo ku makampani angapo, monga EMOSE ndi Hollard. Choncho funso loyamba ndi ili: "Kodi inu ndinu corretor kapena agente, ndipo chilolezo chanu chili kuti?" Chilolezocho chimachokera ku bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi. Akayamba kuzungulirazungulira, nyamukani.

Popita kukakumana naye tengani chiphaso chanu, NUIT (nambala yanu ya msonkho), ndipo ngati ndi nkhani ya galimoto, livrete ndi título de propriedade, mapepala olembetsera galimoto ndi osonyeza mwini wake. Wasitolo atenge mndandanda wa katundu ndi mitengo yake. Muuzeni akubweretsereni mitengo ya makampani osachepera atatu, yolembedwa papepala. Kawirikawiri corretor amalipidwa ndi kampani ya inshuwalansi, gawo la ndalama zomwe mwapereka, ndiye musachite manyazi kumufunsa chifukwa chake akukukankhirani ku kampani imodzi.

Pamapepalawo musathamangire mtengo wotsika. Yang'anani franquia, ndalama imene mumadzilipirira nokha pa ngozi iliyonse kampani isanaikepo yake. Yang'ananinso zomwe seguroyo sakhudza. Seguro yokakamiza ya galimoto imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galimoto yanu mudzakonza nokha.

Pomwe ambiri amagwera m'mbuna ndi pa mtengo wa katundu. Tiyerekeze kuti m'nyumba yosungira katundu ku Ulóngue muli feteleza ndi mbewu za mametikali 800,000, inu n'kulembetsa 400,000 kuti mulipire pang'ono. Moto ukaononga za 200,000, kampani idzawerengera kuti mudatchinjiriza theka lokha, ikupatseni 100,000, n'kuchotsaponso franquia. Zilinso chimodzimodzi ndi galimoto yolembetsedwa ngati yapakhomo koma ikunyamula mbatatesi za ku Tsangano kapena anthu olipira: kampani ili ndi chifukwa chokanira. Nenani zoona, ndipo corretor alembe zomwe mwanenazo.

Oyenda njira ya Zóbuè, Calómue, Cassacatiza kapena Cuchamano afunse ngati seguroyo imagwira ntchito akawoloka malire. Yankho likhale m'pepala, osati la pakamwa. Ngati muli ndi antchito, ngakhale atatu okha pachigayo, mufunseninso za seguro ya ngozi za pantchito, chifukwa lamulo limaifuna.

Mukalipira, lisiti la corretor lokha si lokwanira. Funani apólice, pepala la mgwirizano wa seguro, ndi lisiti la kampani yeniyeniyo, kenako imbani ku kampaniko muwawerengere nambala ya apólice kuti atsimikize kuti ndalama zafika. Ngati zidatsalira m'thumba la munthu, mwina mukuyenda opanda chitetezo. Onaninso kuti nambala ya galimoto ndi ya chassis zalembedwa bwino, poti chilembo chimodzi cholakwika chimachedwetsa malipiro.

Ngozi ikachitika, jambulani zithunzi zinthu zisanasunthidwe, itanani apolisi, ndipo uzani corretor tsiku lomwelo kudzera pa uthenga wolembedwa, ngakhale wa pa WhatsApp. Apólice imatchula masiku odziwitsira kampani, musawapyole. Musavomere mlandu pamsewu, ndipo makaniko asakhudze galimoto mpaka woyesa wa kampani ataiona.