Kupanga dinosaur woyenda ngati wa m'mafilimu akale, ndi waya, siponji ndi foni

Zilombo zambiri za m'mafilimu akale a ma dinosaur zinali zidole zosatalika kuposa mkono wa munthu. Opanga filimu ankasuntha chidole pang'ono, n'kujambula chithunzi chimodzi, n'kuchisunthanso. Umu ndi mmene Willis O'Brien anayendetsera zilombo za mu The Lost World ya 1925 ndi King Kong ya 1933, ndipo Ray Harryhausen, yemwe anaphunzira kwa iye, anapitiriza lusoli mpaka 1981. Amalitcha stop motion. Mwana wa ku Linthipe kapena ku Lobi amene amaumba ng'ombe zadongo ndi kupinda galimoto zawaya ali kale pakati pa ulendo. Chomutsalira ndi foni ndi kuleza mtima.

Yambani ndi masamu kuti musadzagwe ulesi pakati. Filimu ya kusinema imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, koma inu 12 zikukwanirani. Masekondi 10 ndi zithunzi 120, miniti imodzi ndi 720. Chithunzi chilichonse chikamadya theka la miniti, masekondi 10 aja ndi ola lathunthu mutawerama patebulo.

Musaumbe thupi lonse ndi dongo, ngakhale kuno ku Dedza dongo labwino silisowa. Laiwisi limafota n'kugwa, louma limang'ambika mukangopinda mwendo. Dongo lisiyireni mutu basi. Mafupa ndi a waya wofewa wa aluminiyamu, wonenepa pafupifupi mamilimita 1.5. Potani mawaya awiri pamodzi ngati chingwe, atatu pamiyendo, chifukwa waya mmodzi akapindidwa malo amodzimodzi kambirimbiri amaduka, ndipo amadukira mkati mwa chidole chomalizidwa kale. Waya wachitsulo wolimba ndi woipa pa ntchitoyi: mukaupinda umabwerera pang'ono, ndiye pakanema chilombo chimanjenjemera ngati chagwidwa malungo.

Woyamba kumene asankhe chilombo cha miyendo inayi. Malawisaurus, wa khosi lalitali uja amene mafupa ake anapezeka ku Karonga, ndi chitsanzo chabwino chifukwa phazi limodzi likakhala m'mwamba atatu amakhala pansi. Chikhale cha masentimita 25 mpaka 30 kuchokera kumutu kufika kumchira. Pachifuwa, pachiuno ndi pakati pa mfundo za miyendo matani Pratley Putty, phala lomatira limene limauma gwaa, kuti malo amenewo asapindike. Mukapanda kutero mwendo umakhota ngati nthochi m'malo mopindika pabondo. Kuphazi lililonse matirirani nati yaing'ono. Thabwa lojambulirapo liboolenitu mabowo motsatira njira imene chilombo chidzadutse, ndipo phazi lopondalo muzilimanga ndi bawuti yolowera pansi pa thabwa. Akale aja ankachita chimodzimodzi. Popanda bawuti, chidole chimatsetsereka ngati chili pamatope.

Mnofu ndi siponji ya matiresi akutha. Iduleni mizeremizere, kulungani pawaya, mangani ndi ulusi, kenako sengani ndi sizasi mpaka mimba ndi ntchafu zioneke. Khungu ndi nsalu yotanuka ya sokosi yopyapyala, yomata ndi guluu wa nsapato. Guluu wa matabwa amauma gwaa n'kumasweka m'mawondo. Penti ikhale yopyapyala. Mutu wadongo muumbe mokutira kampira ka pepala kuti usalemere, chibwano cham'munsi chikhale pakawaya kakekake, maso ndi mikanda, ndipo ngati ndi chodya nyama, mano ndi njere za mpunga. Ubweya ndi nthenga zipeweni. Ubweya wa King Kong umaoneka ngati ukuwira chifukwa zala za osuntha chidole zinkausokoneza pa chithunzi chilichonse.

Tsopano dziko lachilendo loti chilombo chanu chiziyendamo. Mufilimu ya ku Soviet Union ya 1962, Planeta Bur, oyenda m'mlengalenga atera pa pulaneti la Venus n'kukumana ndi zilombo zonga ma dinosaur. Masiku amenewo mitambo yokuta Venus inkapatsa anthu ufulu woganiza kuti pansi pake pali madambo. Lero tikudziwa kuti kumatentha kuposa madigiri 450. Dziko lanu mulipange ndi mchenga wosefa, phulusa ndi timiyala ta m'mbali mwa phiri la Dedza. Mukaponya kamwala paphulusa lokhuthala ngati chala pamatsala dzenje lofanana ndi a pamwezi. Zomera zaziwisi ayi, zimafota ntchito ili mkati ndipo pakanema zimaoneka zikugwada zokha. Timitengo touma ndi ndere zouma ndiye zodalirika. Nyenyezi ndi katoni yopaka penti yakuda, yoboola ndi singano, tochi ili kumbuyo. Roketi ndi kabotolo kapulasitiki kolendewera pa twayini wowedzera nsomba. Kalendewetseni chazondoka, mphuno pansi, ndipo mudzatembenuze chithunzi pokonza. Woonera amafunafuna chingwe pamwamba pomwe icho chili kumchira, chobisika muthonje limene likuimira utsi.

Kuwala ndi kumene kumawonongera ambiri. Osajambulira padzuwa. Mitambo ya kuno sichedwa kusintha, makamaka mu June ndi July, ndipo kanema amatuluka akuphethiraphethira. Tsekani mawindo ndi mabulangete, yatsani babu limodzi kapena awiri omangirira pamalo amodzi. Ngati ndi a sola, batire ikhale yodzaza, apo ayi kuwala kumanka kuchepa osazindikira. Valani malaya akuda, oyera amabweza kuwala pachidole.

Foni imangidwe ndi malegeni pa njerwa kapena pampando wolemera, lenzi ili pansi kufupi ndi mawondo a chilombo ndi kuyang'ana m'mwamba pang'ono. Kukula kwa chilombo kumachokera pamenepo. Mukachijambula kuchokera pamwamba chimangokhala chidole. Pulogalamu ya Stop Motion Studio imaonetsa chithunzi chapitacho mwa mbuu pamwamba pa chatsopano, choncho mumaona mmene mwasunthira. Khomani focus (malo amene lenzi ikuonetsa bwino) ndi kuwala kuti foni isamazisinthe yokha, ndipo jambulani ndi batani la pa mahedifoni m'malo mogwira foni.

Kayendedwe phunzirani kwa tambala kapena nkhanga pabwalo, poti mbalame ndi zidzukulu za ma dinosaur. Onani mmene zala zimapindikira phazi likanyamuka, n'kutambasuka likamatera. Sitepe imodzi ya chilombo cholemera ikhale zithunzi 10 mpaka 12, phazi likusuntha mamilimita atatu kapena asanu pa chithunzi, pang'ono poyamba, kwambiri pakati, pang'ononso pomaliza. Mchira uzitsalira m'mbuyo mwa chiuno ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu. Sunthani ziwalo motsatana mofanana nthawi zonse, mutu, khosi, miyendo, mchira, kuti pasakhale choiwalika. Mukagunda tebulo mwangozi musavutike kubwezera zinthu m'malo mwake, sizibwerera ndendende. Sunthani foni, jambulani mutu wokha pafupi kwa masekondi awiri, kenako pitirizani kuchokera mbali ina.