Momwe mungachepetsere kutentha m'bokosi lakale la kompyuta

Kompyuta yakale ikayamba kuchita phokoso, kuchedwa pakati pa ntchito kapena kuzima yokha, anthu ambiri amathamangira kukagula mafani n'kuwamangirira paliponse pamene aona bowo. Kawirikawiri ndalamazo zimangolowa m'madzi. Chimene chimavuta m'mabokosi akale n'chakuti mpweya ulibe njira. Ukalowa kutsogolo umakumana ndi zitsulo, mawaya ndi fumbi, ndiye umangozungulira momwemo n'kumatenthera limodzi ndi zida. Ntchito yonse yagona pa kuulambulira njira imodzi: ulowe kutsogolo chakumunsi, udutse pa zida zotentha, utulukire kumbuyo chakumtunda.

Yezani kaye musanamasule chilichonse

Ikani pulogalamu yaulere yoonetsa kutentha, monga HWMonitor kapena HWiNFO. Lembani papepala kutentha kwa purosesa (ubongo wa kompyuta), graphics card (khadi loyendetsa zithunzi) ndi hard disk pamene kompyuta ili chete. Kenako ipatseni ntchito yolemetsa, kaya gemu kaya kukonza vidiyo, kwa mphindi 15, mulembenso. Purosesa yopuma imakhala pakati pa madigiri 30 ndi 45, ndipo ikafika 70 kapena 80 pa ntchito yolemetsa palibe chodetsa nkhawa. Mapurosesa ambiri a Intel amadzichepetsa liwiro akayandikira madigiri 100, ambiri a AMD Ryzen pa 95, pofuna kudziteteza. Kuchedwa kumene mumakuona pakati pa ntchito nthawi zina n'komweko. Hard disk ikamapitirira 50, nayonso ikuvutika.

Tsopano chotsani chitseko cham'mbali mubwereze kuyesa kuja. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10 kapena kuposa, ndiye kuti bokosi ndi limene likutsamwitsa zida. Kukakhala chimodzimodzi, vuto lili pa choziziritsa cha purosesa penipenipo, ndipo ngakhale muike mafani asanu simuona kusintha.

Fumbi

Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zam'kati, kuopa magetsi obisika m'thupi amene amawononga zida. Ntchito iyi ichitireni panja.

Fumbi looneka pansi pa bokosi si limene limatenthetsa. Loopsa limabisala pakati pa fani ya purosesa ndi timapepala tachitsulo ta heatsink, choziziritsa chokhala pamwamba pa purosesa chimene chimayamwa kutentha kwake. Masulani faniyo muone: mupeza fumbi laumbana n'kukhala ngati kachidutswa ka bulangeti, moti mukhoza kulisenda ndi zala lonse lathunthu. Fani imazungulira ndithu, phokoso n'kumamveka, koma mpweya sudutsa. Chotsani ndi kaburashi kofewa, kenako uzirani ndi chopopera mpweya kapena mpweya wa m'chitini. Pouzira, gwirani mapiko a fani ndi chala kuti isazungulire, chifukwa kuizunguza mopitirira liwiro lake kumaononga pozungulira pake. Makina oyamwa fumbi a m'nyumba musawayandikize pa motherboard, bolodi yaikulu imene zida zonse zimalumikizidwapo.

Power supply, kabokosi kopereka magetsi ku zida zonse, iuzireni kuchokera kunja kudzera m'mabowo ake basi. Musaitsegule. M'kati mwake muli ma capacitor amene amasunga magetsi amphamvu ngakhale pulagi itazulidwa.

Ngati thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink, yatha zaka zambiri osasinthidwa, ino ndiye nthawi yake. Ikauma imasweka n'kusiya kupititsa kutentha kuchoka pa purosesa kupita pa heatsink. Masulani heatsink moipotoza pang'ono uku ndi uku, osaikoka mwamphamvu, chifukwa pa ma socket (malo okhazikamo purosesa) akale a AMD purosesa imatha kuzuka nayo limodzi n'kupinda timiyendo. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol, ikani kadontho kamodzi ka mamilimita 4 kapena 5 pakati, mubwezeretse heatsink ndipo mumange masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono, kuti ikhale molingana.

Lambulani njira

Apa ndiye pamene bokosi lakale limafuna kuleza mtima. Yang'anani kuchokera pamene fani yakutsogolo imakhala kufika pa purosesa, muone zimene zaima pakati. M'mabokosi ambiri akale, kutsogoloko kuli chitsulo chosungira ma hard disk anayi kapena asanu, pomwe inu muli ndi imodzi. Ngati chili chomangidwa ndi masikuluwu, chichotseni kapena sunthirani disk pansi penipeni kuti pakati patseguke. Ngati muli ndi ma disk awiri, siyani mpata pakati pawo. DVD drive imene simunaitsegule kwa zaka, ichotseni pamodzi ndi mawaya ake.

Mawaya aja otambalala a IDE, olumikiza ma disk akale ndi motherboard, ngati akadalipo, amatchinga mpweya kuposa china chilichonse. Apindeni agone m'mbali mwa chitsulo. Mawaya a power supply osagwiritsidwa ntchito asonkhanitseni, muwamange ndi timalamba tapulasitiki, muwalowetse m'malo opanda kanthu pamene panali DVD paja. Mabokosi akale alibe mpata kuseri kwa motherboard wobisamo mawaya, ndiye musadzivutitse kuti ziwoneke zokongola. Bola pakati pakhale poyera.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira: mabowo a pamalo a fani. Opanga mabokosi otchipa ankangoboola timabowo tating'ono pachitsulo, moti gawo lalikulu la malowo limakhala lotsekeka. Fani yabwino ikaikidwa pamenepo imangolira, mpweya wochepa. Ngati muli ndi lumo lodulira malata, dulani chitsulocho, palani m'mbali kuti musamacheke, muikepo chotchinga chawaya. Koma chotsani kaye motherboard ndi zida zonse, chifukwa kanyenyeswa kamodzi kachitsulo kakagwera pa bolodi kangathe kuiwotcha. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo kwa ine ndi yoyenera pokhapokha ngati zina zonsezi zalephera.

Tsopano mafani

Awiri okha amakwanira pa kompyuta zambiri: ina kutsogolo yolowetsa, ina kumbuyo yotulutsa. Ngati mungakwanitse imodzi yokha, iikeni kumbuyo, pafupi ndi purosesa. Chifukwa chake n'chakuti m'mabokosi akale a mtundu wa ATX, umene Intel inayambitsa mu 1995, power supply imakhala pamwamba, ndipo nthawi zambiri ndi yokhayo imene imatulutsa mpweya wotentha wa kompyuta yonse. Fani yakumbuyo imailandira katundu ameneyu, ndipo power supply imakhalitsa.

Yezani mabowo a masikuluwu musanagule. Mabokosi akale ambiri amalandira fani ya mamilimita 80 kapena 92, ena 120. Pamene ikukwana, sankhani yaikulu, chifukwa imakankha mpweya wochuluka ikuzungulira pang'onopang'ono, ndiye phokoso limachepa.

Kulakwitsa kofala n'kuika fani chagada. M'mbali mwa mafani ambiri muli timivi tiwiri, kena koonetsa kumene mapiko akuzungulira, kena kumene mpweya ukupita. Ngati timivito palibe, dziwani kuti mpweya umatulukira mbali imene kuli timitanda togwira mota, kumenenso waya amachokera. Mukayatsa, yandikizani kachidutswa ka tishu: kutsogolo kayenera kukakamira pabokosi, kumbuyo kayenera kuuluzidwa. Onaninso kuti fani ya purosesa, ngati ili yoimirira, ikukankhira mpweya kumbuyo, osati kulimbana ndi inzake.

Mpweya wolowa uzichulukirapo pang'ono kuposa wotuluka. Zikatero, wotsalawo umatulukira m'ming'alu yonse ya bokosi. Zikakhala mosemphana, bokosi limayamwa mpweya m'ming'alu yomweyo, fumbi n'kumalowera paliponse. Popeza power supply yapamwamba ija ikutulutsa kale, fani yakutsogolo ikhale yaikulu kapena yothamangirako, ndipo kutsogolo kwake muike kasefa kopyapyala kotchinga fumbi. Ngati chitseko cham'mbali chili ndi malo a fani moyang'anizana ndi graphics card, ikanipo yolowetsa. Khadi likamatenthabe, chotsani tizitsulo tiwiri totseka kumbuyo m'munsi mwake kuti lipeze potulutsira.

Polumikiza, funani malo olembedwa SYS_FAN kapena CHA_FAN pa motherboard. CPU_FAN isiyireni purosesa. Fani ya mapini 4 liwiro lake limasinthika bwino malinga ndi kutentha, ndipo ya mapini 3 imalowa pamalo omwewo, ngakhale pa mabolodi ena imangothamanga liwiro limodzi. Yolumikiza mwachindunji ku power supply kudzera pa pulagi yake yotchedwa Molex imathamanga mpaka mapeto nthawi zonse, ndiye konzekani phokoso. Lowani mu BIOS (pulogalamu ya motherboard imene mumaitsegula kompyuta ikangoyaka), pezani pamene pali za mafani, muyatse kuti aziwonjezera liwiro okha kutentha kukakwera.

Mukatseka bokosi, onani pamene likukhala. Mu kabati yotseka ya desiki limapuma mpweya wake womwe wotentha, ndipo pakapeti limameza ulusi ndi fumbi. Likwezeni pamalo olimba, kumbuyo kutalikirane ndi khoma masentimita 10 kapena kuposa. Chitseko cham'mbali chibwezereni ndithu, chifukwa chikakhala chotsegula mpweya wa fani yakutsogolo umathawira panja usanafike pa zida.

Bwerezani kuyesa kwa mphindi 15 kuja ndi ntchito yomweyo, muyerekeze ndi zimene munalemba. Ngati purosesa ikadali pamwamba pa madigiri 90, masulaninso heatsink muone ngati yakhala bwino mbali zonse zinayi, makamaka ija ya Intel yokhala ndi timapini tapulasitiki tokanikiza, chifukwa kamodzi kakapanda kulowa bwino imapendekeka. Ikapezeka kuti inakhala bwinobwino, ndiye kuti yachepa mphamvu, mugule yaikulu, koma muyeze kaye m'lifupi mwa bokosi kuti chitseko chidzatsekeke.