Mmene Tingasamalire Nyumba Zakale za mu Johannesburg

Ambiri mwa ife amene timachita lendi kapena kugwira ntchito yomanga ku Jeppestown, Troyeville ndi Bertrams timalowa tsiku ndi tsiku m'nyumba zomangidwa mzinda uno ukadali wakhanda, pakuti Johannesburg anayamba mu 1886 golide atapezeka, Mfumukazi Victoria ya ku Britain ili pampando. Nyumba zotere mudzazizindikira ndi khonde lake, denga la malata, pansi poyalidwa matabwa ndi siling'i yachitsulo yosindikizidwa maluwa.

Yambani ndi denga, chifukwa madzi ndiwo amadya nyumba mwakachetechete. Mvula ya mabingu ndi matalala isanayambe mu Okutobala, kwerani muchotse masamba m'ngalande za m'mphepete mwa denga, mukhomerere malata ogwedera ndi kupaka penti pamene payamba dzimbiri. Mukaona banga lofiirira pa siling'i, dziwani kuti pamwamba padontha kale.

Pakhoma ndi pamene amisiri ambiri, ngakhale aluso ndithu, amalakwitsa. Njerwa zakale ndi zofewa ndipo zambiri anazimanga ndi matope a laimu, amene amalola chinyezi kutuluka. Mukamata simenti yolimba pamwamba pake, chinyezicho chimatsekeredwa mkati, pulasitala amafufuma, ndipo mukagogoda ndi chala amalira ngati ng'oma, kuseri njerwa ikufumbutuka. Konzani ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, ngakhale amachedwa kuuma. Zitseko ndi mawindo amatabwa musazizule msanga. Dulani mbali yowola yokha n'kulumikiza thabwa lina.

Musanagumule khoma lililonse, kumbutsani eni nyumba kuti lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo, chimene kuno chimachokera ku Provincial Heritage Resources Authority Gauteng, bungwe la boma loteteza nyumba ndi malo akale m'chigawo cha Gauteng. Jambulani zithunzi ntchito isanayambe.

Nkhani ya moto imandikhudza kwambiri. Positi ofesi ya mu Rissik Street, yomangidwa mu 1897, inapsa mu 2009 itakhala zaka zambiri yosiyidwa, ndipo moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Ogasiti 2023 unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Choncho mawaya akale a magetsi awaone katswiri wovomerezeka, mbaula ndi makandulo zikhale kutali ndi matabwa, ndipo pamene zipinda zagawidwa ndi mabolodi, njira yotulukira panja isatsekedwe ndi loko usiku.