Momwe mungabwezeretsere tulo tanu musanathamangire mapiritsi

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 usiku uliwonse, ndipo ambiri amakhala bwino akagona pakati pa 7 ndi 9. Mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10, wa zaka 6 mpaka 12 amafunika 9 mpaka 12. Ndiye tayang'anani amene amachezera usiku kuno ku Kasungu: mlonda wa pasitolo, wosonkhezera moto pa balani ya fodya nyengo yootcha, dalaivala wa minibasi amene amafika padepoti kusanache, mayi woyamwitsa, mwana wa Fomu 4 amene waviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asasinze poti MSCE yayandikira. Mukawafunsa amati thupi linazolowera. Zoona zake n'zakuti pakapita masabata munthu amangosiya kumva kuti watopa, koma mutu ndi manja zimakhala zikuchedwabe, thupi likuwonongeka mwakachetechete.

Munthu akagona bwino, kuthamanga kwa magazi kumatsika ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse, mtima ndi mitsempha n'kupumako. Wogona maola 5 miyezi yambirimbiri amaumana mtima mpumulo umenewu, n'chifukwa chake kusagona mokwanira kumayendera limodzi ndi BP, matenda a mtima ndi sitiroko. Thupi losagona silimveranso bwino insulin, choncho shuga amachedwa kuchoka m'magazi. Njala imakula, munthu n'kumangolakalaka mandasi ndi zakumwa zotsekemera masana onse. Chitetezo cha m'thupi chimafooka, chimfine sichichedwa kumugwira. Pakhomo amakhala wa mtima wapachala, woiwalaiwala. Mwana wochezera kuwerenga uja amataya zambiri zimene wawerenga, pakuti ubongo umasunga zophunzira munthu ali m'tulo.

Pamsewu ndiye pamene pamaphetsa msanga. Amene wakhala maso maola 17 amayendetsa ngati walawako mowa, ndipo akafika maola 24 safanana ndi wina koma woledzera. Pali katulo kena kobera, ka masekondi atatu kapena anayi, kamene kamamugwira munthu mwini wake osadziwa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Masekondi anayi ndiye mamita pafupifupi 90 opanda woyendetsa, pa M1 pamene m'mbali muli akabaza ndi ana a sukulu.

Yambani ndi kope

Kwa masiku 7 lembani m'mawa uliwonse zinthu zinayi: nthawi imene munagona, nthawi imene mwadzuka, munadzidzimuka kangati usiku, ndi zimene munamwa kuyambira masana. Musamayang'ane wotchi usiku, ingoyerekezani kukacha. Kope lakale la mwana likwanira. Ambiri akaliwerenga pakutha pa sabata amaona okha pamene pali bowo.

Khazikitsani nthawi yodzuka

Anthu amakonda kuyambira kumapeto: amalowa m'bulangeti 8 koloko tulo tisanabwere, n'kumangotembenuka. Inu yambani ndi nthawi yodzuka. Sankhani imodzi, tinene 5 koloko m'mawa, ndipo muzidzuka nthawi yomweyo ngakhale Lamlungu, ngakhale dzulo lake munagona mochedwa. Werengani chobwerera maola 8, mupeza kuti 9 koloko usiku ndiyo nthawi yozimitsa nyale. Ngati panopa mumagona 12 koloko musadumphe kamodzin'kamodzi, muzibweza mphindi 15 mpaka 30 pa masiku atatu alionse.

Mukadzuka tulukani panja, mukhale padzuwa mphindi 20 kapena 30. Kuwala kwa m'mawa n'kumene kumachuna nthawi ya m'thupi, kuti madzulo ubongo utulutse melatonin, mankhwala achilengedwe obweretsa tulo, pa nthawi yake. Wolawirira kumunda zimenezi zimangomuchitikira. Amene ayenera kuchita dala ndi okhala mushopu, muofesi kapena m'saluni tsiku lonse.

Za tiyi, mowa ndi nsima ya usiku

Kafeini, mankhwala ogalamutsa opezeka mu tiyi ndi khofi, amachedwa kutuluka m'thupi. Pakatha maola 5 kapena 6 theka lake limakhala lidakali m'magazi, ndiye tiyi wowirira wa 4 koloko madzulo amakhala akugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Ikafika 2 koloko masana lekezani pomwepo: tiyi, khofi, Coca-Cola, zakumwa zopatsa mphamvu zija akabaza amazikonda, ngakhalenso mapiritsi ena a mutu amene muli kafeini. Werengani pa paketi. Ndudu nayo imagalamutsa ubongo, choncho ya pogona ija ndiyo yoyamba kusiya.

Mowa umanamiza. Kachasu kapena chibuku chimakugwetsani msanga, koma pakatha maola atatu kapena anayi mowa ukamatha m'magazi mumadzidzimuka, tulo ta m'bandakucha n'kuduka. Mkonono nawo umakula. Nsima idyeni maola awiri kapena atatu musanagone, makamaka ngati mumavutika ndi chilungulira, ndipo madzi ambiri imwani masana.

Konzani pogona

Mu Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata yopanda siling'i imasunga kutentha mpaka usiku, pomwe thupi limafuna kuziziriako kuti tulo tigwire. Tsegulani mawindo dzuwa likangopendeka, sambani ola limodzi kapena awiri musanagone, fundani chitenje chokha. Neti ipisireni pansi pa matiresi kapena mphasa mbali zonse, pobooka sokani tsiku lomwelo. Udzudzu umodzi wolira pakhutu ukwanira kukudzutsani kanayi, osanena za malungo.

Nsikidzi zimafuna khama. Tulutsani matiresi padzuwa la masana, thirani madzi owira m'ming'alu ya bedi, chapani zofunda ndi madzi otentha, matani ming'alu ya khoma, ndipo mubwerezenso pakatha sabata imodzi kapena awiri chifukwa mazira amaswa pambuyo. Samalani ndi timabotolo topanda chizindikiro timene amayenda nato m'misika akuti timapha nsikidzi tsiku limodzi. Nthawi zambiri amakhala mankhwala opopera mbewu amene angowathira m'botolo lina. Oopsa kwambiri ndi mapiritsi oika m'matumba a chimanga: amatulutsa mpweya wakupha, ndipo sayenera kulowa m'nyumba yogona anthu. Chimodzimodzi mbaula mu Juni ndi Julayi. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha, munthu amagona osadzukanso. Itulutseni panja musanatseke chitseko.

Pogula matiresi musatengeke ndi nsalu yokongola ya pamwamba kapena kutsika mtengo. Kanikizani ndi bondo pakati. Ngati mukumva pansi, kapena ikuchedwa kubwerera, pakatha miyezi yochepa ikhala ngati bwato, ndipo msana uzikudzutsani usiku. Bola mphasa yabwino pamalo osalala.

Foni

Ola limodzi musanagone ikani foni patali, poti simungaifikire muli chigonere. Mabandulo a usiku ndi otchipa, n'zoona, koma ndi amene amagoneka anthu 2 koloko. Ngati mukufuna kutsitsa kanthu, kasiyeni kazitsika kokha inu mutagona. Mafoni a ana azigona kuchipinda kwa makolo.

Mukadzuka pakati pa usiku tulo n'kuthawa

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye tiyeni tichedwepo. Tulo timayenda m'magawo a mphindi pafupifupi 90. Tofa nato timachuluka chigawo choyamba cha usiku, ta maloto timachuluka chakum'bandakucha. Pakati pa magawowa munthu aliyense amatsitsimukako pang'ono, kungoti ambiri sakumbukira. Kudzidzimuka 2 koloko si matenda ayi. Vuto limayamba ndi zimene mumachita mukadzidzimuka.

Mumatenga foni kuona nthawi, mumawerengera kuti kwatsala maola atatu okha, kenaka mutu umayamba za fetereza, fizi ya mwana ndi ngongole ya kubanki mkhonde. Mtima umathamanga, mumatembenukira uku ndi uku, mumadzikakamiza kutsinzina. Mukachita zimenezi masabata angapo, ubongo umaphunzira kuti pabedi ndi pamalo poganizira mavuto. N'chifukwa chake ena amasinza ali pampando koma akangofika pabedi maso amauma gwa.

Chochita ndi ichi. Mukaona kuti papita ngati mphindi 20 tulo osabwera, dzukani. Musayatse babu lowala, musagwire foni. Khalani pampando ndi kanyale kochepa, chitani chinthu chosasangalatsa kwenikweni: kusenda mtedza, kupinda zovala, kuwerenga masamba awiri a buku. Zikope zikayamba kulemera bwererani pabedi. Tikathawanso, dzukaninso, kaya katatu usiku umodzi. M'mawa dzukani nthawi yanu ija osawonjezera ngakhale pang'ono. Masana mukalephera kupirira, gonani mphindi 20 zokha ndipo isanakwane 3 koloko. Za mavuto aja, apatseni nthawi yawo madzulo kusanade: lembani m'kope chimene chikukuvutani ndi chimene mudzachite mawa, n'kutseka kopelo.

Masiku atatu kapena anayi oyamba mumva ngati zaipiraipira, mudzakhala mukuyasamula tsiku lonse. Kutopa kumeneko n'kumene kudzakugonekeni usiku wotsatira, choncho musakuwononge pogona maola awiri masana. Ipatseni njirayi masabata awiri mpaka anayi, ndipo masiku oyambawo pewani kuyendetsa ulendo wautali. Ena amagonja masiku oyambirirawa, n'kupita kugolosale kukafuna piritsi.

Piriton ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine, kugonetsako ndi zotsatira chabe. Mukamwa masiku angapo motsatizana amasiya kugonetsa, munthu n'kuyamba kumwa awiriawiri. Amaumitsa kukamwa, amasiya mutu wolemera mpaka m'mawa, kwa agogo amatha kusokoneza mutu ndi kuwagwetsa, ndipo abambo achikulire amatha kuvutika pokodza. Kumwetsa mwana Piriton kuti agone paulendo kapena kuti asavute usiku n'kuika moyo wake pachiswe. Diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium, ndiye woopsa kuposa apa. Thupi limamuzolowera m'masabata ochepa, ndipo akaphatikizana ndi mowa amatha kuchepetsa kupuma munthu ali m'tulo. Amenewa ndi mankhwala olemberedwa ndi a chipatala. Amene amagulitsidwa mobisa pamsika, atachotsedwa m'paketi yake n'kukulungidwa m'kapepala, simungadziwe kuti ndi chiyani, anatha mphamvu liti, kapena akhala padzuwa miyezi ingati. Ngati mwakhala mukumwa diazepam masabata angapo kale, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero kumatha kuyambitsa kunjenjemera ngakhale kukomoka ngati khunyu. Pitani kuchipatala akuchepetsereni pang'onopang'ono.

Ogwira ntchito usiku

Mlonda kapena namwino sangatsate zonsezi, komabe maola 7 aja ayenera kukwana pa tsiku. Mukaweruka idyani pang'ono n'kugona nthawi yomweyo maola 5 kapena kuposa, kenaka muwonjezere ola limodzi kapena awiri madzulo musananyamuke. Kolekani bulangeti pawindo kuti mukhale mdima, ndipo a pakhomo adziwe kuti nthawi imeneyo bambo sadzutsidwa. Tiyi imwani koyambirira kwa usiku, osati kukamacha. Pa balani musasiye munthu mmodzi masiku onse ootcha, azisinthana awiri, pakuti wosinza ndi amene amapsereza fodya kapena kuyatsa balani yonse. Dalaivala ukayamba kuyasamula pafupipafupi kapena kuiwala malo amene wangodutsa, imika pabwino, imwa tiyi, tsinzina mphindi 15 mpaka 20. Kutsegula windo ndi kukweza wailesi sikuthandiza. Amene wachezera pamaliro asagwire chiwongolero m'mawa mwake, apatse wina.

Zofunika kuchipatala

Mkonono waukulu wodukiza, munthu n'kusiya kupuma kenaka kudzidzimuka ngati watsamwa, makamaka ngati ali wonenepa kapena BP yake sikutsika. Mnzake wa pabedi ndiye amaona zimenezi, apite nawo akafotokoze. Kudzuka kukakodza katatu kapena kanayi usiku uliwonse limodzi ndi ludzu, kayezetseni shuga. Kudzuka m'bandakucha mtima uli wosweka, osafuna kudya kapena kucheza ndi anthu kwa masabata awiri, kanenani momwemo osabisa. Kusowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, pitaninso. Mankhwala ena a BP okodzetsa amayenera kumwedwa m'mawa, ndipo ma ARV amene muli dolutegravir amasowetsa tulo anthu ena akamamwa usiku. Musasiye kumwa, funsani a chipatala za nthawi yoyenera. Kaya ndi pachipatala chachikulu pa boma kaya chaching'ono cha kwanu, nyamulani kope lija pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa.