Kayezedwe ka chamba pa mbewa za mu labu

Ife akuno ku Chipata tikamva mbewa timaganiza zokumba m'munda tikakolola, kuwamba n'kudyera nsima. Izi za mu labu ndi zina, zoweta, zambiri ndi mtundu wakuda uja wa C57BL/6, zolemera magalamu 20 mpaka 30, ndipo musankhe za msinkhu umodzi chifukwa mukasakaniza nkhalamba ndi tiana manambala anu sadzamveka.

Muyambe ndi mapepala. THC, chija choledzeretsa mu chamba chimene Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni anachipatula ku Israel mu 1964, mukapezeka nacho opanda chilolezo a DEC, aja ogwira anthu a mankhwala ozunguza bongo, sadzafunsa kuti ndinu wasayansi, ndipo komiti ya ethics, yoona kuti nyama zisazunzidwe, nayo ivomereze musanagwire mbewa olo imodzi.

THC sisungunuka m'madzi, ndiye amaisungunula mu msanganizo wa ethanol, Cremophor (mankhwala othandiza mafuta kusakanikirana ndi madzi) ndi saline (madzi a mchere) pa muyezo wa 1:1:18. Gawani mbewa m'magulu, zina mubaye m'mimba THC molingana ndi kulemera kwake, zina mubaye msanganizo womwewo koma wopanda THC. Gulu lachiwirili musalipeputse, jakisoni payekha amaopsa mbewa ndipo popanda lofanizira mudzanamizira chamba zinthu zimene wachita ndi mantha chabe.

Manje pakapita mphindi ngati 30 mumayang'ana zinthu zinayi, amazitcha tetrad. Ikani mbewa m'bokosi lopanda kanthu muwerenge mmene ikuyendera, yoledzera imachita ulesi. Kenako tsamiritsani miyendo yake yakutsogolo pa kachitsulo kopingasa, yabwinobwino imatsika pompo koma ya THC imangouma pomwepo ngati yaiwala kuti ili ndi miyendo, inu mugwire wotchi. Chachitatu thermometer kumatako, mbewa imakhala cha pa 37 digiri ndipo THC imatsitsa, nchifukwa chake muyeze kale musanabaye. Chomaliza ndi mbale yotentha ya madigiri 52 mpaka 55 yoyezera mmene mbewa ikumvera ululu, muone nthawi imene itenge kuti inyambite phazi kapena kudumpha, koma ikafika masekondi 30 ichotseni ndithu isapse, zopsereza nyama si sayansi.

Chimodzi chokha sichikwanira, mankhwala ena ogonetsa nawonso amafoola mbewa. Zinayi zikaoneka pamodzi bwerezani ndi gulu lina koma muyambe mwabaya mankhwala a rimonabant amene amatseka CB1, malo a mu ubongo pamene THC imakamatirira. Zizindikiro zikasowa ndiye kuti inalidi ntchito ya CB1. CBD, chinthu china chopezeka mu chamba, payokha sibweretsa zinayizi.

Woyeza asadziwe kuti mbewa iti yabayidwa chani, mnzanu alembe manambala pa khola asunge chinsinsi, maso a munthu amaona zimene mtima ukufuna. Muziyeza ola lomwelo tsiku lililonse poti mbewa zimachangamuka usiku, ndipo bokosi muzipukuta ndi ethanol wa 70% musanaike ina, ikanunkhiza mkodzo wa inzake imayamba kufufuza m'makona m'malo moyenda.