Khoko la nthochi lotayidwa pamsewu nalo ndi chinyalala

Pa misonkhano ya ukhondo ndi manyowa pali funso limene silisowa. Wina amaimika dzanja n'kunena kuti, "Alangizi, za mapulasitiki tamva. Nanga khoko la nthochi? Si liwola lokha? Munthu alipirenji chindapusa chifukwa cha chinthu chobwerera kudothi?" Funsoli ndimalilemekeza, pakuti wofunsayo akudziwa zoona: chochokera m'nthaka chimabwerera m'nthaka. Komabe yankho langa silisintha. Zotsala za chakudya zotayidwa pamsewu, pamalo okwerera basi, m'ngalande kapena m'nkhalango yosungiramo nyama ndi zinyalala ndithu. Tizifunsa kuti ziwolera pati, zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ziitana chiyani zisanathe kuwola.

Kuwola ndi ntchito ya zamoyo. Amaigwira ndi mabakiteriya, nkhungu, nyongolotsi, chiswe ndi tizilombo tina ta m'dothi, ndipo antchito amenewa amafuna chinyezi, mpweya ndi kufunda. Pa tala ndi pa konkire palibe dothi ndipo chinyezi sichikhalitsa, choncho khoko limangouma, n'kuda, n'kukhala gwaa ngati chikopa. Makoko a malalanje ali ndi mafuta amene tizilombo tambiri sitiwakonda, motero amatha miyezi ali pomwepo. Kumalo ozizira ndiye nkhani ina. Pamwamba pa phiri la Ben Nevis ku Scotland, lotalika mamita 1,345, bungwe la John Muir Trust linadandaula m'chaka cha 2009 kuti panali makoko a nthochi pafupifupi 1,000 osiyidwa ndi okwera phiri, ndipo m'chisanu cha kumeneko khoko limodzi limatha kukhala mpaka zaka ziwiri. Aliyense wa anthuwo anataya limodzi lokha, ali ndi mtima woti liwola. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pamene khoko likudikira kuwola, oyamba kufika ndi ntchentche. Ntchentche yaikazi imaikira mazira pafupifupi 100 nthawi imodzi, mphutsi zimaswa tsiku lisanathe, ndipo kukakhala kotentha pamangodutsa masiku 7 mpaka 10 kuti mbadwo watsopano uyambe kuuluka. Ntchentche zomwezo zimatera pa zonyansa n'kudzatera pa mbale ya mwana, zitanyamula kamwazi, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba. Usiku kumabwera makoswe ndi mphemvu. M'mbali mwa misewu, mbewa zobwera kudzadya zotayidwa pawindo la galimoto zimakopa akadzidzi ndi mbalame zina zodya nyama, ndipo mbalamezi zimagundidwa zikamatsika kudzagwira. M'malo osungiramo nyama, anyani ndi apusi akazolowera chakudya cha anthu amaleka kuopa, amayamba kulanda ndi kuluma, mapeto ake oyang'anira amakakamizika kuwapha.

Alimi a ziweto, apa ndipo ndikufuna mumvetsetse bwino. Kachilombo ka chigodola cha nkhumba sikadwalitsa munthu, koma kamakhala ndi moyo kwa miyezi mu nyama ya nkhumba youmitsa, yothira mchere kapena youndana mufiriji. Chigodolachi chinafika m'dziko la Georgia m'chaka cha 2007, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti chinalowera padoko la Poti kudzera m'zotsala za chakudya cha m'sitima zapamadzi zimene nkhumba zinadya. Kuchoka apo chinafalikira ku Russia ndi maiko ena a ku Ulaya, ndipo mu 2018 chinapezeka ku China, kumene nkhumba mamiliyoni ambiri zinafa kapena kuphedwa. N'chifukwa chake m'misewu ikuluikulu ya ku Ulaya amaika zikwangwani zopempha apaulendo kuti asataye zotsala za nyama paliponse, poopa kuti nguluwe zingadye. Kachidutswa ka nyama nako kamawola, koma nkhumba imakapeza kasanawole.

Ndiye chilango chikhalepo? Maganizo anga ndi akuti inde, koma chokhala ndi muyeso. Ku England lamulo la Environmental Protection Act la 1990, limene limaletsa kutaya zinyalala paliponse, silipatula zowola, ndipo kuyambira 2023 makhonsolo akhoza kulipiritsa munthu mpaka mapaundi 500. Ku Singapore, kuyambira 1992, khothi likhoza kulamula wotaya zinyalala kuti akasese malo a anthu onse atavala chovala choonekera patali. Ine njira yachiwiriyi ndimaiona kuti imaphunzitsa, chifukwa wosesa amamva yekha fungo ndi kulemera kwa zimene ena amati n'zazing'ono. Lamulo lopatula zowola lingavutenso kulitsata. Wolondera aziima pamsewu kutsutsana ndi munthu aliyense kuti ichi chiwola liti? Ndipo malo akangoyamba kuda, obwera pambuyo sachitanso manyazi kuponyapo botolo ndi pepala.

Muyeso wake ndi wotere. Mlimi amene wakwirira makoko m'munda mwake sanalakwe chilichonse, wadyetsa nthaka yake. Woyenda pansi amene wagwetsa khoko limodzi ayambe wachenjezedwa ndi kuuzidwa kuti atole. Koma wamalonda amene tsiku ndi tsiku amakhuthulira ndowa ya zotsala m'ngalande ayenera chindapusa chomveka, chifukwa zotsalazo zimagwirana ndi mchenga ndi mapulasitiki n'kutseka madzi, madziwo n'kudikha, udzudzu n'kuswana. Zikalowa mumtsinje, mabakiteriya oziwoletsa amamaliza mpweya wa m'madzi ndipo nsomba zimabanika. Akuluakulu a mizinda nawo ali ndi mbali yawo: asanatumize wolemba chindapusa, aike kaye mabini ndipo aziwakhuthula pa nthawi yake. Kulanga munthu amene sanapatsidwe potayira kumangobala chidani ndi ziphuphu.

Ngakhale bini si mathero abwino a zotsala za chakudya. Zikafika kumtaya n'kukwiririka ndi zinyalala zina, zimawola popanda mpweya ndipo zimatulutsa methane, mpweya umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide (mpweya wotuluka zinthu zikamayaka) pafupifupi ka 28. Lipoti la 2024 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo magawo 60 pa 100 alionse anachokera m'makomo. South Korea inaletsa kukwirira zotsala za chakudya kumtaya mu 2005, ndipo kuyambira 2013 anthu amalipira malinga ndi kuchuluka kwa zimene ataya. Lero pafupifupi zonse amazisandutsa manyowa, chakudya cha ziweto kapena gasi.

Inu pakhomo panu simufunika kudikira lamulo. Mukakhala paulendo, tengani kathumba kapena kachitini kotseka, ikanimo makoko anu, mukafike nawo kunyumba. Pakhomo sankhani malo a mthunzi, kutali ndi chitsime, ndipo mupange mulu wa kompositi wa mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. Mulu wochepera apo sugwira kutentha. Pansi yalani timitengo ndi mapesi kuti mpweya uzilowa, kenako muzisinthanitsa zouma, monga masamba ndi udzu, ndi zaziwisi zochokera kukhitchini. Pa ndowa imodzi ya zaziwisi ikani ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma. Ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena zitosi za nkhuku zimafulumizitsa ntchito. Nthawi iliyonse mukathira zotsala, phimbani ndi zouma kapena dothi pang'ono. Ambiri amene amandidandaulira za ntchentche ndi fungo ndimakapeza kuti anaiwala kuphimba kumeneku.

Chinyezi muzichiyesa ndi dzanja: finyani kompositi ya m'kati, ikhale yonyowa koma isachuche madzi, mwina kadontho kamodzi kapena kawiri. Zikani ndodo pakati pa mulu, ndipo pakatha masiku angapo muizule. Ikatuluka yofunda, ntchito ikuyenda. Mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kokwanira kupha tizilombo tambiri toyambitsa matenda ndi njere za udzu. Ukanunkha ngati dzira lovunda ndiye kuti madzi achuluka ndipo mpweya wachepa, choncho tembenuzani n'kuonjezera zouma. Muzitembenuza pa masabata awiri kapena atatu alionse. Nyama, mafupa, mafuta ndi ndowe za agalu kapena amphaka musaikemo. Zotsala za nyama zikwirireni mozama, pamene galu kapena nkhumba sizingafukule.

Ngati malo anu ndi ochepa, kumbani kangalande kozama masentimita 30 m'dimba, thiranimo makoko odulidwa tizidutswa, kwirirani, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu mubzale pamwamba pake. Kompositi ya pamulu nayo imapsa m'miyezi iwiri kapena itatu ngati mukuitembenuza. Muidziwa ikazizira, ikada bii, ikamayoyoka m'manja, ndi kununkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itangogwa.