Cholinga chokha sichikwanira, lembaninso mtima wake

Januwale aliyense timalemba zolinga, ine chaka chatha ndinalemba kuti pofika Disembala ndikhale nditasunga K300,000 kubanki m'khonde ndigule malata. Chimenecho ndiye cholinga, chili ndi nambala komanso tsiku. Koma mu Malichi mwana anadwala malungo, ndalama ya masheya inathera ku mankhwala ndi thiransipoti, ine n'kutaya mtima kuti basi zakanika, miyezi iwiri osaponyanso kanthu.

Ndiye inu chitani chonchi. Tengani kope, pamwamba lembani cholinga ndi nambala yake. Pansi pake lembani munthu amene mukufuna kukhala tsiku ndi tsiku, mwachitsanzo "ndikhale munthu woyamba ndaganiza ndisanatulutse ndalama". Ichi sichidikira Disembala ayi, ngakhale mwezi wavuta bwanji mutha kuchichita lero lomwe, muli pa Airtel Money kapena Mpamba chala chili pa foni mukufuna kugula bandulo ina yachitatu sabata yomweyi, mumaima kaye n'kudzifunsa kuti kodi ikufunikadi imeneyi?

M'mawa mukamamwa tiyi werengani chiganizo chapansicho mokweza, sichitenga ngakhale mphindi. Nambala ija muziiona kamodzi pamwezi basi, tsiku limene gulu likukumana, chifukwa kuiyang'ana tsiku lililonse kumangobweretsa nkhawa, ndaziona ndekha zimenezi. Zinthu zikasintha, mwina malata akwera mtengo kapena kwagwa maliro kumudzi, sinthani nambalayo kapena tsikulo opanda manyazi, koma chiganizo chija musachifufute.